A Ndatopa, Basi ya ku Chigwa

Ine ndine wongomva. Sindinaone nawo zimene ndikulembazi, ndipo sindithirapo mchere. Ndinazimva kwa Mayi Esinati pa khonde la nyumba yawo ku Chigwa, dzuwa litangolowa, titayandikira mbaula chifukwa chiperoni chinali chitakuta mzinda wonse. Amayi a Mvano anandituma kukapempherera mchimwene wawo, a Lufeyo Kalichero, amene anali dalaivala wa basi ya m'tauni ndipo tsopano ndi wodwala. Nditati ndilowe m'nyumba, Mayi Esinati anandigwira chitenje.

"Khalani kaye pansi, mayi. Ambiri abwera kuno, koma apemphera zosiyana ndi matendawo. Inu muyambe mwamva."

Ndinakhala. Anakupiza makala ndi chivindikiro cha poto, nayamba.

Anati pamene ankayamba ukondakitala, mabasi a kampani yawo ankadzaza depoti. Kenako anayamba kutha imodzi imodzi ngati mano a nkhalamba. Zitsulo zatsopano panalibe wogula. Basi ikafa ankaikokera kuseri, pansi pa mitengo ya bulugama, n'kumaisadzula pang'onopang'ono kuti otsalawo ayende. Msewu wa ku Chigwa nawo phula linatha, kunatsala maenje, moti a maminibasi anaukana kalekale. Anthu onse a kuno ankadalira mabasi awiri. Ina ankaitcha Namwali, poti anaipaka penti pamwamba pa dzimbiri. Inayo ankaitcha a Ndatopa. A Kalichero ndiwo ankayendetsa a Ndatopa, mlongo wawo Esinati ali kondakitala.

"A Ndatopa handibuleki inafa ine ndisanakwatiwe," anatero Mayi Esinati. "Tikaima pamalo potsetsereka, achimwene ankaponda buleki, ine n'kudumpha ndi chipika cha mtengo kukachiika kuseri kwa tayala. Ndikaika ndinkamenya m'mbali mwa basi n'kukuwa kuti 'Masulani!' Apo ndiye ankachotsa phazi. Ndisanamenye sankachotsa, ngakhale njuchi iwalume pamphuno. Ndiyo inali ntchito yathu."

Pochokera ku Chigwa kupita m'tauni msewu umatsikira ku mtsinje, n'kuwoloka mlatho, n'kuyamba kukwera chitunda cha pa Njerwa. Mabasi onse awiri sankatha kukwera chitundacho atadzaza. Akawoloka mlatho kondakitala ankakuwa kuti, "Tsikani, tikumana pamwamba!" Anthu ankatsika n'kukwera wapansi, azibambo akukankha.

"Kodi tikiti tagulayi ndi ya basi kapena ya miyendo yathu?" amayi a ku msika ankafunsa.

"Ndi ya kufika, mayi," a Kalichero ankayankha pa windo. "Sanalembepo kuti mufika bwanji."

Anthu ankatukwana uku akuseka. Munthu amazolowera ndi zosayenera kuzolowera zomwe.

Tsono m'dzinja lina, m'bandakucha, kunagwa mvula yachilendo. Namwali ananyamuka ulendo woyamba atadzaza: amayi a madengu, antchito a m'nyumba za mabwana, ophika buledi, osesa m'maofesi. Kondakitala wa Namwali anawamvera chisoni, sanawatsitse. Atatsala pang'ono kufika pamwamba injini inazima. Mabuleki sanagwire. Basi inabwerera chambuyo chitunda chonse, inathyola zitsulo za m'mbali mwa mlatho, nigwera m'madzi osefukira. Ambuye awalandire. Ena matupi awo sanapezeke n'komwe.

Madzi ataphwa anamuvuula Namwali n'kumukokera ku bulugama kuja. Abale a omwalira asanamete, kapitawo wa pa depoti, a Chimbalanga, analamula amakaniko kuti ayambe kumasula. Mayi Esinati anawapeza ataimirira pamenepo.

"Bwana, kwathu katundu wa womwalira sagawana maliro asanathe."

"Basi si munthu, mayi. Ilibe maliro."

"Koma anthu aferamo. Onani matope sanaume. Kwathu munthu akafera panjira timapita kukamuuza kuti tiye kumudzi. Awawa wawauza ndani?"

A Chimbalanga anapukuta manja pa ovololo. "Ine ndapempha zitsulo kwa akuluakulu mpaka kukamwa kwauma. Akuti ndione mochitira. Mukufuna a Ndatopa ayendere chiyani, nyimbo za m'buku?"

Anachotsa mipando yakumbuyo, belu ndi chingwe chake, galasi loonera m'mbuyo ndi mapaipi a mabuleki. Zonsezo anazimanga mwa a Ndatopa. Abusa sanaitanidwe. Ndi madzi omwe sanatsuke.

Apa Mayi Esinati anakupizanso makala. M'nyumba munamveka kulira kwa mpando, ngati munthu akuukankha ndi msana. Iwo sanacheuke.

Choyamba, anati, inali mipando ija. Sinkauma. Mvula inatha, kunabwera chisanu, mipandoyo inali yonyowabe. Mayi wina anakhalapo, ponyamuka chitenje chili chonyowa, anthu n'kumuseka. Wina anati mukununkha ndere za kumtsinje. Palibe amene ananena kuti tisiye kukhalapo, koma anthu anangosiya. Basi inkadzaza, anthu atapanikizana kutsogolo mpaka pakhomo, kumbuyo kuli mbee.

"Sunthirani kumbuyo, malo alipo!" Esinati ankakuwa.

"Kakhaleniko inuyo, mayi kondakitala. Ife taima bwino."

Chachiwiri linali belu. Akamayandikira mlatho linkalira, ngii, ngii. Esinati ankakalipa kuti ndani akusewera ndi chingwe, koma manja a anthu onse anali pansi. Anachikulunga chingwecho n'kuchimanga ndi malegeni kudenga. Linalirabe. Makaniko wina anachidula. Mawa lake pa mlatho, ngii.

Kenako chipika chinayamba kusowa. Madzulo ankachisiya pansi pa mpando wa dalaivala, m'mawa palibe. Tsiku lina anachipeza pamphepete pa mlatho, pomwe zitsulo zinathyoka paja, chitanyowa. Anachitola. Chinasowanso. Anasema china, nachonso chinapita. Mapeto ake ankangotola miyala ya m'mbali mwa msewu.

"Malo othyoka aja sanakonze, mayi," anandiuza. "Anabwera anthu a zipewa zoyera, anayeza, anajambula, anaikapo mgolo umodzi wopanda kanthu. Mgolowo wina anakafolera nawo nyumba, kaya anakaphikira kachasu, sindidziwa."

M'nyengo ya chiperoni, ulendo woyamba unkanyamuka nkhungu ili tolo. Tsiku lina akufika pa mlatho a Kalichero anaimitsa basi pamalo pomwe si siteji.

"Achimwene, bwanji?"

"Tsegula. Sukuwaona?"

Esinati anasuzumira. M'nkhungumo munali anthu ataima m'mbali mwa msewu. Anati sanganene kuti anali angati, kapena nkhope zawo zinali zotani. Chimene anaona n'choti sankalankhulana, sankapondaponda pansi monga amachitira munthu wozizidwa, ndipo pakamwa pawo sipankatuluka nthunzi. Anatsegula chitseko. Palibe analowa. Koma basi inapendekera kukhomoko pang'ono, monga imachitira munthu akaponda pokwerera. Inabwerera. Inapendekanso. Inapendekanso. Mphepo yozizira inamudutsa m'mawondo kulowera kumbuyo. Atayang'ananso panja, panali nkhungu yokha.

M'basimo munthu aliyense anayang'ana pansi. Bambo wina amene ankakonda kulongolola za mpira anavula chipewa n'kuchigwira pamtima mpaka m'tauni.

Kuyambira tsiku limenelo a Kalichero ankaima pa mlatho m'mawa uliwonse. Amoyo akatsika kuti akwere chitunda wapansi, a Ndatopa sankapepuka ayi. Matayala akumbuyo ankaphwatalala ngati anyamula matumba a simenti. Azibambo okankha ankatuluka thukuta m'chisanu.

"Mwabisamo chiyani umu, a dalaivala? Njerwa?"

A Kalichero sankayankhanso nthabwala. Anasiya kuimba, anasiya kunyoza anthu pa windo. Maso awo ankakhala pa galasi lija nthawi yaitali kuposa pa msewu.

Madzulo ena mlongo wawo anawafunsa pa khonde lomweli pomwe tinakhala ife.

"Achimwene, mumaona chiyani m'galasimo?"

"Anthu opita ku ntchito, Esinati."

"Akufuna chiyani kwa ife?"

"Sakufuna kanthu. Sandiyang'ana n'komwe, amayang'ana kutsogolo. Wina ali ndi dengu pamiyendo. Wina ali ndi mwana kumsana. Achedwa basi."

"Amatsika kuti?"

"Satsika. Tikafika paja panazimira Namwali, injini imatsokomola, ndikayang'ananso galasi layera. Mawa timawapezanso pa mlatho." Anayang'ana kumsewu. "Tsiku lina ndidzawafikitsa pamwamba."

Mayi Esinati anati apa ndi pomwe mantha enieni anawagwira, osati a mizimu, koma oti mchimwene wawo akupita. "Mayi, ine ndinaika amayi, ndinaika bambo, ndinaika mwamuna wanga. Wotsala anali yekhayu. Ndinagwada pansi apa. Ndinati achimwene, tiyeni kumudzi, munda ulipo, tikalime nandolo, basi iyi ikudyani. Anandiyankha kuti, 'Ndikasiya, a ku Chigwa ayenda pa chiyani? Nanga akumbuyowa ndiwasiyire ndani?' Ndinati asiyireni akampani, ndiwo anawakweza. Anaseka. Anati, 'Akampani amayenda pa magalimoto awo, mlongo wanga. Njira ya kuno saidziwa.'"

Esinati anapitanso kwa a Chimbalanga kukapempha kuti achotse mipando ndi galasi. A Chimbalanga anawaloza ku bulugama, komwe kunatsala mafupa okhaokha a mabasi. "Sankhani pamenepo chomwe mungaikemo. Mukachipeza ndimanga ndekha." Panalibe.

Chilimwe chinadutsa. Mvula yoyamba yaikulu inawapeza pa ulendo woyamba uja, kusanayere bwino. Inkagwa ngati akukhuthula ndowa. Pa mlatho madzi anali atayamba kufiira. A Kalichero anaima, Esinati anatsegula, basi inapendeka kambirimbiri. Atawoloka, Esinati anakuwa monga mwa masiku onse.

"Tsikani, tikumana pamwamba!"

Palibe ananyamuka.

"Ndati tsikani!"

"Mu mvula iyi?" anatero mayi wina wa dengu la masamba. "Tsiku ndi tsiku kutsika, tsiku ndi tsiku kukankha. Tikafika ku ntchito tanyowa, bwana akuti mwachedwa, bwererani. Ife ndife ng'ombe?"

"Mwaiwala za Namwali?"

"Sitinaiwale. Anaiwala ndi eni basi. Tatopa ife, iphani ngati mukufuna!"

Ena anavomereza. Ochepa anatsika. Esinati anapita kutsogolo kukauza mchimwene wake kuti asanyamuke. Anawapeza maso ali pa galasi.

"Asiye," anatero a Kalichero motsitsa. "Lero tikwera tonse."

A Ndatopa anayamba kukwera, akulira ngati nyama yomangidwa. Utsi unalowa m'kati. Anadutsa pakati pa chitunda. Nyali za m'tauni zinayamba kuoneka pamwamba. Atafika pamalo paja injini inatsokomola, inatsokomolanso, ndi kuzima.

A Kalichero anaponda buleki ndi thupi lonse. Basi inabwerera pang'ono n'kuima, ikunjenjemera.

Esinati anakankha chitseko. Uja ankati iphani ndiye anayamba kutuluka, dengu atalisiya. Anthu anakhuthukira mu mvula, akupondana, akuitana Yesu. Azibambo anathamangira mu ngalande kukazula miyala, naiunjika kuseri kwa matayala onse. Esinati analowa kukaona ngati watsala wina. Munalibe munthu. Anatuluka, namenya m'mbali mwa basi ndi chikhatho.

"Masulani! Atsika onse!"

"Sanatsike onse."

"Achimwene, miyala taika! Masulani mutsike!"

"Akutsika, Esinati. Taona pakhomopo. Lero galasi silinayere, akutsika. Apatse nthawi, ndi ozizidwa."

Anati anayang'ana pakhomo. Chopondera cha pakhomopo chinkatsika pang'ono, n'kukwera. Kudikira. Kutsika, n'kukwera. Anthu amene anaima pafupi anapatuka okha, kusiya njira yolowera kumtunda, popanda wowauza. Mayi wa masamba uja anagwada m'matope.

Koma Esinati anaona chinthu chinanso. Pansi pa basi pankadontha mafuta a mabuleki, akuyenda ndi madzi a mvula kulowera kumtsinje. Mapaipi a Namwali aja anali atang'ambika. Matayala anayamba kutafuna miyala, kukutu, kukutu.

"Mafuta akutha, achimwene! Dumphani!"

"Atsala pang'ono."

"Mufa inu!"

"Wa mwana uja ali kumapeto. Mwana akumulemera. Dikira."

"Ndiuzeni, mayi," Mayi Esinati anandifunsa, maso ali pa makala, "inu mukanadikira? Munthu wamoyo, mwana wa mayi ako, afere anthu amene anafa kale?"

Sankafuna yankho langa.

Anapitiriza kuti anaitana azibambo. Anatsegula chitseko cha dalaivala n'kuwagwira a Kalichero m'chiuno ndi m'mapewa. Iwo anakakamira chiwongolero, akulira ngati mwana, akuti, "Sanatsike! Ndisiyeni, sanatsike!" Anawamasula zala chimodzi chimodzi. Anawakoka. Onse anagwera pamodzi mu msewu.

Phazi litangochoka, a Ndatopa anakwera pamwamba pa miyala ija ngati ndi zibuma za dothi. Anatsetsereka chambuyo, opanda nyali, opanda injini, mwakachetechete. Belu lokha ndilo linkalira chitunda chonse mpaka kumunsi. Anadutsa pomwepo pamene sanakonze paja.

"Ena amati anamva zitsulo zokha," anatero Mayi Esinati. "Ine ndinamva mwana."

Wamoyo sanafepo ndi mmodzi yemwe. Akampani anati dalaivala anathawa pa chiwongolero n'kuwononga basi, ndipo anawachotsa ntchito, iwo ndi mlongo wawo. Ku Chigwa kulibenso basi. Anthu amadzuka tambala woyamba n'kuyamba wapansi, ndipo pa mlatho amadutsa m'magulu, palibe amadutsa yekha. Akuluakulu anabwera ku msonkhano, analonjeza msewu, mlatho ndi mabasi atsopano, anthu anawomba m'manja. Mlatho ukadali wothyoka.

"Thupi lawo ndinalipulumutsa," anatero. "Eni ake anatsala pa chitunda. Ine sandilankhula. Tiyeni mukaone."

Tinalowa. M'nyumbamo munali kandulo. A Kalichero anakhala pampando wa thabwa, munthu wamkulu thupi koma watha. Msana anautsamiritsa zolimba. Mwendo wa kumanja unali wowongoka, phazi litaponda pansi mwamphamvu moti mitsempha inaima ndipo bondo linkanjenjemera. Phazilo linatupa, chidendene chinang'ambika. Maso anali m'mwamba pang'ono, chakumanzere, pomwe palibe kanthu koma khoma. Kuseri kwa miyendo ya mpando kunali miyala.

"Ndinaika ndine," Mayi Esinati ananong'ona. "Ndimamenya khoma, ndimati masulani. Samasula. Amagona chokhala, akagona n'komwe. Kuchipatala anaunika mwendowo, akuti ulibe vuto. Apemphererereni, mayi, kuti phazi ili lifewe. Akatero ndiye kuti abwerera."

Ndinagwada pambali pawo. Ndinawapatsa moni, ndinanena dzina langa ndi mpingo umene unandituma. Nditatsegula pakamwa kuti ndiyambe, analankhula, maso osawachotsa pakhoma. Mawu awo anali abwinobwino, aulemu, a munthu wodziwa chimene akunena.

"Mayi, pepani. Musapemphe zimenezo. Ndikachotsa phazi apita nayenso mwanayo."

Ndakhala ndikupempherera odwala zaka zambiri, koma tsiku limenelo sindinadziwe chopempha. Kumbuyo kwanga kunali mlongo wofuna mchimwene wake. Kutsogolo kunali munthu wogwira basi imene ine sindikuiona. Ndikapempha za uyu ndilakwira uyo. Ndinakhala chogwada mpaka mawondo anawawa. Potsiriza ndinangoti, Ambuye, Inu amene mumaona zimene ife sitiona, ikani Inuyo mwala kuseri kwa tayala, mwala wosasuntha, kuti otsalawo atsike ndipo kapolo wanuyu apume.

A Kalichero anati, "Ame." Phazi silinasunthe.

Mayi Esinati anandiperekeza mpaka pamsewu, atanyamula kandulo m'chitini. Ndinayesa kuwalimbitsa mtima kuti Mulungu wamva. Anandithokoza mwaulemu, nandigwira dzanja ndi manja awiri. Kenako anayang'ana msewu wa maenje uja, umene umatsikira ku mlatho.

"Mwapemphera bwino, mayi," anatero. "Koma miyala Mulungu anatipatsa kale, yadzaza msewu wonsewu. Ife tinkapempha mabuleki."